Kutentha kwa Masana ndi Kuzizira kwa Usiku: Vinyo Wofiira wa ku Ribera del Duero

Dziko la Spain lili ndi minda ya mpesa yaikulu kuposa dziko lina lililonse, mahekitala oposa 900,000, komabe pa kuchuluka kwa vinyo amene amapangidwa pachaka kawirikawiri limapitiriridwa ndi Italy ndi France. Chifukwa chake n'chakuti mbali yaikulu ya dzikoli ndi yokwera komanso youma, alimi amabzala mipesa motalikirana kuti mizu isalimbirane madzi ochepa amene ali m'nthaka, ndipo mpesa uliwonse umabereka zipatso zochepa poyerekeza ndi mipesa ya m'madera a mvula yambiri. Kubereka pang'onoku, kumene kungadandaulitse mlimi wowerengera makilogalamu, ndiko kumene kumapatsa vinyo wa m'madera ena a dzikoli mtundu wofiira mopita kukuda, fungo lamphamvu ndi kulemera kumene olawa vinyo amakutamanda. Mwa madera amenewa, Ribera del Duero, dera limene lili kumpoto kwa mzinda wa Madrid, ndilo limaonetsa bwino kwambiri mmene nyengo yankhanza, mtundu umodzi wa mphesa ndi zaka zokhala m'migolo zimathandizirana kuti chakumwa chimenechi chikhale mmene chilili.

Olawa vinyo amagawa vinyo wofiira potengera mmene amamvekera mkamwa, ndipo amanena kuti wina ndi wopepuka, wina wapakatikati, wina wolemera. Kulemera kumeneku si kwa pasikelo, koma ndi mmene vinyo amadzazira mkamwa ndiponso kutalika kwa nthawi imene kukoma kwake kumakhalabe pa lilime munthu atameza. Mbali ina ya kulemerako imachokera ku mphamvu ya mowa, imene imalembedwa pa botolo mwa maperesenti: vinyo wopepuka amakhala cha m'ma 12 peresenti, pamene wolemera wa ku Spain amafika 14 kapena 15, ndipo mphamvu yoteroyo imamveka ngati kufunda kukhosi ndi kuterera pang'ono mkamwa. Mbali ina, imene ndi yaikulu kwambiri pa nkhani ino, imachokera ku tanini, chinthu chachilengedwe chimene chimapezeka m'makoko ndi m'nthanga za mphesa komanso m'mitengo. Aliyense amene anamwapo tiyi wopanda mkaka, masamba ake atakhalitsa m'ketulo, anakumana naye kale tanini, pakuti kuuma ndi kukhakhala kumene kumatsala pa lilime ndi m'nkhama ndi ntchito yake. Iye amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera. Koma mowa ndi tanini paokha amapanga chakumwa chotopetsa, chimene munthu amachisiya pa galasi loyamba. Chimene chimachititsa kuti vinyo wolemera akhale womweka ndi asidi, kuwawasa kwachilengedwe kwa chipatso kumene kumadzutsa malovu n'kutsuka mkamwa, ndipo vuto la madera otentha n'lakuti dzuwa limene limachulukitsa shuga ndi lomwelo limene limatha asidi.

Madzi a mkati mwa mphesa zambiri zakuda si ofiira, moti munthu atafinya mphesa n'kutaya makoko nthawi yomweyo angapeze madzi otumbuluka. Mtundu wonse uli m'makoko. Pachifukwa ichi, popanga vinyo wofiira mphesa zimachotsedwa ku matsango ake, zimaphwanyidwa pang'ono, kenako madzi, makoko ndi nthanga zimathiridwa pamodzi m'matanki, m'mene yisiti amadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita imodzi amapereka peresenti imodzi ya mowa, kutanthauza kuti vinyo wa 14 peresenti amafuna madzi a mphesa okhala ndi shuga pafupifupi magalamu 240 pa lita. Mpweya umene ukutulukawo umakankhira makoko pamwamba, pamene amaundana n'kupanga chivundikiro cholimba, ndipo antchito amapopa madzi a pansi pa thanki n'kuwathira pamwamba pa chivundikirocho tsiku ndi tsiku kuti mtundu ndi tanini zisungunukire m'vinyo. Ntchito imeneyi imatenga milungu iwiri kapena itatu, ndipo ikatha pamabwera kuwira kwachiwiri, kwakachetechete, kumene mabakiteriya amasandutsa asidi wakuthwa wa m'chipatso kukhala asidi wofewa wa mtundu umene umapezeka mu mkaka wosasa. Mfundo yofunika kuikumbukira pa zonsezi ndi yakuti mphesa yaing'ono ya makoko okhuthala ili ndi makoko ambiri pa madzi ochepa, choncho vinyo wake amakhala wakuda ndi wolemera popanda kuthiramo kanthu kalikonse.

Mtsinje wa Duero umayambira m'mapiri a Urbión m'chigawo cha Soria, umayenda makilomita pafupifupi 900 kulowera kumadzulo, ndipo ukalowa m'dziko la Portugal umatchedwa Douro mpaka kukathira m'nyanja ya Atlantic pa mzinda wa Porto. Dera la vinyo la Ribera del Duero latambalala makilomita pafupifupi 115 m'mbali mwa mtsinjewu, m'zigawo zinayi za Soria, Burgos, Segovia ndi Valladolid, zonse za m'dera lalikulu la Castilla y León, ndipo minda yambiri ili m'chigawo cha Burgos. Malowa ali pa chidikha chokwera cha pakati pa Spain, pamene minda ya mpesa imayambira pa mamita opitirira 700 pamwamba pa nyanja n'kufika mamita 1,000 ndi kupitirira apo. Mapiri amene azungulira chidikhachi amatchinga chinyontho chochokera kunyanja, kotero kuti mvula ya pachaka imangokhala mamilimita pafupifupi 450, ndipo yochepa kwambiri mwa imeneyi ndi imene imagwa m'miyezi yotentha. M'nyengo yozizira madzi amaundana usiku ndi usiku, pamene mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kwa masana kumatha kuyandikira madigiri 40.

Chuma chenicheni cha derali chili pa zimene zimachitika dzuwa likalowa. Popeza malowa ndi okwera ndipo mpweya wake ndi wouma, kutentha kwa masana sikukhalitsa, ndipo usiku kumatha kutsika ndi madigiri 15 kapena 20. Masana masamba a mpesa amapanga shuga wambiri, ndipo dzuwa lowala kwambiri la kumalo okwera limachititsa chipatso kukhuthalitsa makoko podziteteza. Kukanakhala kuti usiku nawonso ndi wotentha, mphesa zikanapitiriza kugwiritsa ntchito asidi wake monga chakudya mpaka kumutha, monga zimachitikira m'zigwa zotentha. Koma kuzizira kwa usiku kumachedwetsa ntchito imeneyi, asidi n'kusungika, ndiponso kumathandiza kuti mtundu wa m'makoko ukhwime bwino. Motero mphesa ya ku Ribera imafika pokolola ili ndi zinthu ziwiri zimene kawirikawiri sizipezeka pamodzi, shuga wokwanira kupanga vinyo wamphamvu ndi asidi wokwanira kumugwira kuti asalefuke. Munthu akamva kuti vinyo wa kumeneku ndi wolemera koma wosatopetsa, kwenikweni akumva za usiku wa mu Seputembala.

Mphatso imeneyi ili ndi mtengo wake wowawa. Chisanu choundanitsa madzi chimatha kubwera ngakhale kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, mipesa itaphukira kale, ndipo usiku umodzi ndi wokwanira kupsereza mphukira za munda wonse. Matalala nawo amaopseza m'nyengo yotentha. Kumapeto kwa Epulo 2017 chisanu chotere chinawononga minda yambiri ya m'derali, chilala n'kudzawonjezerapo, moti zokolola za chaka chimenecho sizinafike ngakhale theka la za 2016. Nthawi imene mpesa uli nayo kuchokera pophukira kufika pokolola ndi yaifupi, ndipo n'chifukwa chake mtundu wa mphesa wochedwa kupsa sungadaliridwe kumeneko.

Mtundu umene unakhazikika ndi Tempranillo, mphesa yakuda yofulumira kupsa, imene anthu a m'derali amaitcha Tinto Fino kapena Tinta del País. Ndi mphesa yakuda imene imalimidwa kwambiri m'dziko lonse la Spain, pa mahekitala pafupifupi 200,000, ndipo imadziwika ndi mayina osiyanasiyana malinga ndi dera: Cencibel ku La Mancha, Ull de Llebre ku Catalonia, Tinta de Toro ku Toro, ndiponso Tinta Roriz kapena Aragonez ku Portugal. Payokha Tempranillo si mphesa ya asidi wambiri, ndipo ikalimidwa pamalo otentha usana ndi usiku, m'dothi lachonde lothiriridwa, imapereka vinyo wofewa, wosavuta kumwa, koma wosakumbukika. Mphesa yomweyo ku Rioja, dera lotchuka la m'mbali mwa mtsinje wa Ebro kumene minda yambiri ndi yotsikirapo ndipo mphepo ya kunyanja imafikako, imapereka vinyo wofiira mowala ndi wopepukirapo. Ku Ribera imapereka vinyo wakuda ndi wolimba. Malamulo a derali amafuna kuti vinyo wofiira akhale ndi Tempranillo yosachepera 75 peresenti, ndipo amalola kusakanizamo Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Malbec, komanso pang'ono pa Garnacha ndi mphesa yoyera yotchedwa Albillo Mayor, ngakhale kuti opanga ambiri amagwiritsa ntchito Tempranillo yokhayokha. Malamulo omwewo saloleza kukolola makilogalamu oposa 7,000 pa hekitala, koma minda yakale imabereka zochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Minda yakaleyi ndi yosavuta kuizindikira. Mipesa yake siyanga pa waya, koma imaima payokhapayokha ngati zitsamba zazifupi, thunthu lake lopotoka ndi lokakala, nthambi zitatu kapena zinayi zitatambasuka ngati zala za dzanja lotsegula, ndipo masamba ake amaphimba matsango kuti asapse ndi dzuwa. Makina sangakolole m'munda wotere, choncho kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala anthu amayenda chowerama ndi timipeni kapena timasizasi, akuika matsango m'mabokosi ang'onoang'ono kuti mphesa za pansi zisaphwanyike ndi kulemera kwa zinzake. Dothi nalo ndi losiyanasiyana: pafupi ndi mtsinje pali mchenga ndi miyala yoburungika, m'malo otsetsereka muli dongo losakanikirana ndi njereza, ndipo pamwamba pa zitunda pali dothi loyera, losaya ndi losauka. Pamanenedwa zambiri zakuti munthu angamve kukoma kwa mwala m'galasi, ndipo zina mwa izo ndi chinenero cha malonda chabe. Chimene n'chotsimikizika n'chakuti dothi limalamulira madzi amene mpesa umapeza, moti dongo ndi njereza zimasunga chinyontho cha m'nyengo yozizira n'kuchipereka pang'onopang'ono m'miyezi youma, mpesa n'kumva ludzu lokwanira kuchepetsa kukula kwa chipatso koma losakwanira kuupha.

Ulimi wa mpesa ndi wakale kwambiri m'derali. Pa mudzi wa Baños de Valdearados, m'chaka cha 1972, panafukulidwa chithunzi chachikulu cha timiyala toyalidwa pansi pa nyumba ya nthawi ya Aroma, choonetsa Bacchus, mulungu wawo wa vinyo, ndipo m'zaka za m'ma 1100 amonke amene anamanga nyumba zawo m'mbali mwa mtsinje, monga ya Santa María de Valbuena, anapititsa patsogolo ulimiwu. Pansi pa tauni ya Aranda de Duero pali ngalande zokumbidwa ndi manja zotalika makilomita pafupifupi 7, zimene anthu ankasungiramo vinyo pamalo ozizira mofanana chaka chonse, ndipo m'midzi yambiri mukuonekabe timachumuni ta miyala totulukira m'zitunda, timene tinkatulutsa mpweya woipa wa vinyo wowira kuti usaphe olowa m'ngalandemo. Chodabwitsa n'chakuti vinyo amene ankadzaza ngalande zimenezi sanali wolemera ngati wa lero. Kwa zaka mazana ambiri chakumwa cha anthu wamba chinali clarete, vinyo wofiirira wopangidwa posakaniza mphesa zakuda ndi zoyera, womwedwa chaka chomwecho, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1970 alimi ambiri ankangogulitsa mphesa zawo ku makopaletivi, ena n'kumazula mipesa kuti abzale tirigu kapena mbewu ya beet yopangira shuga. Vinyo wakuda amene dziko lapansi limamudziwa monga mwambo wa ku Ribera ndi wa m'badwo umodzi kapena iwiri yokha.

Panali malo amodzi amene anasonyeza kalekale zimene derali lingathe. M'chaka cha 1864 Eloy Lecanda anakhazikitsa munda umene unadzatchedwa Vega Sicilia, pafupi ndi Valbuena de Duero, ndipo anabzalamo mipesa yochokera ku Bordeaux m'dziko la France pambali pa Tinto Fino wa komweko. Vinyo wake wotchuka, Único, amasungidwa zaka pafupifupi 10 m'migolo ndi m'mabotolo asanagulitsidwe, ndipo kwa nthawi yaitali ankaonedwa ngati chinthu chapachokha, chosakhudzana ndi midzi yoyandikana nayo. M'chaka cha 1927 alimi a ku Peñafiel, tauni imene ili pansi pa linga lalitali lomangidwa pamsana pa phiri, anayambitsa bodega, kutanthauza nyumba yopangira ndi kusungira vinyo, imene lero imatchedwa Protos, ndipo dzina lake loyamba la Ribera del Duero ndilo linadzaperekedwa ku dera lonse. Koma munthu amene anasintha maganizo a alimi anzake ndi Alejandro Fernández wa ku Pesquera de Duero, amene anapeza ndalama popanga makina okololera beet, n'kukhazikitsa bodega yake m'chaka cha 1972, pa nthawi imene ena ankazula mipesa. Vinyo wake wa Tempranillo yokhayokha, wakuda ndi wodzaza ndi chipatso, anatamandidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi wolemba za vinyo wa ku America, Robert Parker, amene anamuyerekeza ndi Pétrus, vinyo wotchuka wa ku Bordeaux, ndipo kuyambira pamenepo ogula akunja anayamba kufunsa za mtsinje wa Duero. Boma linavomereza derali kukhala ndi dzina lotetezedwa m'chaka cha 1982, chaka chomwecho chimene banja la Álvarez linagula Vega Sicilia. Peter Sisseck wa ku Denmark anatulutsa Pingus woyamba kuchokera ku zokolola za 1995, vinyo amene posakhalitsa anakhala mmodzi mwa okwera mtengo kwambiri m'dzikolo. Ndipo dera limene linayamba ndi mabodega owerengeka lili nawo tsopano oposa 300, pa minda yoposa mahekitala 25,000.

Dzina lotetezedwa, limene pa botolo limalembedwa kuti Denominación de Origen, limatanthauza kuti pali bungwe, lokhala ku tauni ya Roa, limene limayang'anira malire a dera, mitundu ya mphesa, kuchuluka kwa zokolola ndi nthawi yosungira vinyo, n'kupereka kapepala ka nambala komata kumbuyo kwa botolo. Mawu amene ali pa kapepalako amasokoneza ogula ambiri, pamene tanthauzo lake ndi losavuta, chifukwa onse akunena za nthawi. Crianza ndi vinyo amene wasungidwa miyezi yosachepera 24, mwa imeneyi 12 ali m'mgolo wa mtengo wa oak. Reserva wasungidwa miyezi 36, mwa imeneyi 12 m'mgolo. Gran Reserva wasungidwa miyezi 60, mwa imeneyi 24 m'mgolo. Mawu akuti Roble amaikidwa pa vinyo amene wangokhala miyezi yochepa m'mgolo. Palibe limodzi mwa mawu amenewa limene likulonjeza ubwino, pakuti vinyo wa mphesa zosakoma akhoza kukhala zaka zisanu m'chipinda chapansi n'kutulukamo ali wosakomabe, ndipo ena mwa opanga odziwika kwambiri sagwiritsa ntchito mawuwa n'komwe, amangolemba chaka chokolola kuti akhale ndi ufulu wotulutsa vinyo m'mgolo pa nthawi imene iwo aona kuti wakwana.

Mgolo wofala kwambiri umalowa malita 225, ndipo umagwira ntchito ziwiri. Kudzera m'timing'alu tosaoneka ta m'thabwa mumalowa mpweya wochepa kwambiri, umene pang'onopang'ono umafewetsa tanini ndi kukhazikitsa mtundu. Ndipo thabwalo limapereka fungo lake. Popinda matabwa, amisiri amayatsa moto mkati mwa mgolo wosamalizidwa, ndipo kuwauka kwa thabwa ndiko kumabweretsa fungo la utsi, la khofi wokazinga kapena la chokoleti. Oak wa ku America amapereka fungo lomveka msanga la vanila ndi kokonati, ndipo ndi amene Spain inkagwiritsa ntchito kuyambira kale, makamaka ku Rioja. Oak wa ku France, amene ndi wodula chifukwa thabwa lake limachita kung'ambidwa motsata mitsempha m'malo mochekedwa, amapereka fungo lofatsa la zokometsera ndiwo. Mgolo watsopano umapereka fungo lambiri, ndipo ukagwiritsidwa ntchito katatu kapena kanayi umakhala chosungiramo chabe. Pa miyezi imeneyi antchito amawonjezera vinyo m'migolo kulowa m'malo mwa amene wauma, ndipo nthawi ndi nthawi amamusamutsira m'mgolo wina kusiya matsokwe pansi. M'mabodega osunga mwambo wantchito amaunika ndi kandulo kuseri kwa galasi pamene vinyo akutsika, n'kutseka mpopi akangoona kuti wayamba kuderako.

M'galasi, vinyo wa ku Ribera wa zaka zitatu kapena zinayi amakhala wofiira mopita kukuda, moti zilembo za papepala sizioneka kudzera mwa iye, ndipo m'mphepete mwake mumaoneka mtundu wapepo. Fungo loyamba ndi la zipatso zakuda zakupsa, mabulosi akuda, mapulamu ndi matcheri, kenako vanila ndi utsi wa mgolo. Mkamwa amayamba ndi kukoma kwa chipatso, ngakhale kuti shuga mulibe chifukwa yisiti anamudya yense, pakati pake pamabwera kufunda kwa mowa, ndipo pomaliza tanini amagwira nkhama pamene asidi akubweza malovu. Akakhala zaka 10 kapena 15 m'botolo, m'mphepete muja mumasanduka mtundu wa njerwa yowotcha, zipatso zija zimamveka ngati zouma, pamabwera fungo la chikopa, la fodya wochizidwa ndi la masamba ofota, ndipo tanini amene anali waukali amakhala wosalala, wina atagwa pansi pa botolo ngati timatsokwe takuda tosavulaza. Palibe chipatso china kapena chokometsera chimene chinathiridwamo; mayina amenewa ndi njira imene olawa amafotokozera fungo limene latuluka mu mphesa, m'kuwira, m'thabwa ndi m'nthawi.

Kutchuka kwa m'zaka za m'ma 1990 kunabweretsa cholakwa chimene derali likuchikonzabe. Poona kuti vinyo wakuda kwambiri ndi amene ankapatsidwa mamalikisi apamwamba, opanga ambiri anayamba kuchedwetsa kukolola, kufinya makoko mopitirira ndi kuika chilichonse m'migolo yatsopano, ndipo zotsatira zake zinali mabotolo ofanana onse, onunkhira thabwa kuposa mphesa, amene amadabwitsa pa kulawa koyamba koma ovuta kuwamaliza pa chakudya. Kulemera kunasokonezedwa ndi ubwino. Masiku ano ambiri akubwerera ku migolo yakale kapena yaikulu, akukolola mofulumirirapo ndipo akusamala asidi, zimene n'zomveka, chifukwa mphamvu imapezeka kulikonse kumene kuli dzuwa pamene kuzizira kwa usiku ndi kwa malo ochepa.

Ribera si dera lokhalo la vinyo wolemera. Kutsikira kumadzulo m'mbali mwa Duero yemweyo, m'chigawo cha Zamora, kuli Toro, kumene kumatentha kwambiri ndipo vinyo wake amafika 15 peresenti mosavuta. Kumeneku dothi la mchenga linateteza mipesa ku phylloxera, kachirombo kofanana ndi nsabwe za zomera kamene kanachokera ku America, kamadya mizu, ndipo kanawononga minda ya ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1860. Pafupifupi kulikonse alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yawo pa mizu ya mipesa ya ku America, koma kachiromboka sikayenda bwino mu mchenga, choncho ku Toro kuli mipesa ya zaka zoposa 100 imene ikadali pa mizu yakeyake. Ku Priorat, m'mapiri a ku Catalonia, mphesa za Garnacha ndi Cariñena zimamera pa malo otsetsereka a miyala ya sileti yotchedwa llicorella, ndipo derali ndi Rioja ndi awiri okha amene ali pa mlingo wapamwamba kwambiri wa mayina otetezedwa. Kum'mwera chakum'mawa, ku Jumilla, mphesa ya Monastrell, yochedwa kupsa ndi yopirira chilala, imapereka vinyo wakuda wotsika mtengo.

Vinyo wa tanini wambiri anapangidwira chakudya, ndipo chifukwa chake ndi chija cha malovu: tanini akapeza mapuloteni ndi mafuta a nyama amagwirana nazo m'malo mogwira nkhama, vinyo n'kumveka wofewa, pamene asidi akutsuka mafuta mkamwa. Chakudya chotchuka cha ku Aranda de Duero ndi lechazo, mwana wa nkhosa woyamwa wowotchedwa m'mbale yadothi mu uvuni wa nkhuni, wongothiridwa madzi ndi mchere, ndipo m'minda anthu amawotcha nthiti za nkhosa pa makala a nthambi zodulira za mpesa, zimene zimayaka msanga ndi moto waukali. Soseji ya magazi ndi mpunga ya ku Burgos ndiponso tchizi cholimba cha mkaka wa nkhosa zimagwirizana naye chimodzimodzi, koma tsabola wambiri amakulitsa kutentha kwa mowa, ndipo nsomba yofewa imamira. Vinyoyu amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, kotero kuti langizo lofala lakuti vinyo wofiira asalowe mufiriji silingagwire ntchito m'chilimwe cha ku Malawi kapena ku Zambia, kumene chipinda chimatha kufika madigiri 30 ndipo vinyo wotentha choncho amangomveka mowa wokhawokha. Mphindi 20 kapena 30 mufiriji zimamubwezera m'malo mwake. Vinyo wa zaka zochepa amapindula akatsanulidwira mu jagi kwa ola limodzi kuti apume. Mphamvu yake siyenera kupeputsidwa, pakuti galasi la mamililita 150 la vinyo wa 14.5 peresenti lili ndi mowa wochuluka kuposa botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti.

Funso limene likuvutitsa alimi a ku Ribera tsopano ndi la kutentha kumene kukuwonjezeka. Zaka zotentha zikachuluka, shuga amakwera mofulumira tanini ndi fungo zisanakhwime, ndipo mlimi amakakamizika kusankha pakati pa kukolola msanga, n'kupeza tanini wowawa, ndi kudikira, n'kupeza mowa wopitirira 15 peresenti ndi asidi wochepa. Kwa mphesa ngati Tempranillo, imene asidi wake ndi wochepa kale, vutoli ndi lalikulu. Ena akusiya masamba ambiri kuti aphimbe matsango, ena akubwezeretsa pang'ono Albillo Mayor m'thanki monga ankachitira opanga clarete, ndipo ambiri akuyang'ana kumtunda. Malo amene kale ankaonedwa kuti ndi ozizira mopitirira, pamwamba pa zitunda za ku Burgos ndi kum'mawa m'chigawo cha Soria, ndi amene akufunidwa kwambiri, ndipo m'chigwa cha Atauta, pa mamita pafupifupi 1,000, timinda ting'onoting'ono ta mipesa yosamezanitsidwa, timene eni ake anatsala pang'ono kutisiya chifukwa chobereka zochepa, tikupereka mphesa zimene mabodega akuluakulu akulimbirana.